Lilime Nalo Limaphunzira: Zinthu 13 Zodabwitsa Zimene Ofufuza Apeza pa Kukoma kwa Chakudya

Dokotala akamuuza munthu kuti achepetse mchere, asiye shuga ndipo azidya masamba, munthuyo amavomera ndi mutu, koma akafika kunyumba wolamula ndi lilime. Kuyambira pa boma la Chadiza mpaka m'midzi ya a Mlolo, a Zingalume ndi a Mwangala, mayi akamaphika safunsa buku la zakudya zamagulu. Amaphika ndiwo zimene akudziwa kuti banja lidya mpaka kutsuka mbale ndi mbamu yotsiriza. N'chifukwa chake akatswiri a zaumoyo atha zaka zoposa 100 akufufuza kachiwalo kameneka. Zimene apeza zikuonetsa kuti mbali ina ya kakomedwe ka chakudya timabadwa nayo, koma mbali yaikulu timachita kuphunzira, ndipo chimene munthu waphunzira chimatheka kusinthidwa. Nazi zinthu 13 mwa zimene apezazo.

1. Chithunzi cha lilime chimene tinkajambula kusukulu n'cholakwika

Ambiri tinaphunzitsidwa kuti kutsekemera kumamveka kunsonga ya lilime, kuwawasa m'mbali, ndipo kuwawa kumamveka chakukhosi. Nkhaniyi inayambira pa kafukufuku wa David Hänig wa ku Germany mu 1901. Iye anangopeza kuti mbali zina za lilime zimamva msanga pang'ono kuposa zinzake. Mu 1942 Edwin Boring wa ku yunivesite ya Harvard anajambula zotsatirazo mokulitsa kusiyanako, olemba mabuku a sukulu n'kuzitenga momwemo. Mu 1974 Virginia Collings anayesanso, n'kupeza kuti paliponse pamene pali timinofu tolawira pamamva mitundu yonse ya kukoma. Ikani kamchere kunsonga ya lilime, mudzionera nokha. Maselo olawirawa sakhalitsanso. Amafa n'kubadwa ena pafupifupi milungu iwiri iliyonse, n'chifukwa chake lilime lopsa ndi tiyi silichedwa kuchira.

2. Kukoma kochuluka kumamvekera m'mphuno

Lilime palokha limazindikira zinthu zochepa: kutsekemera, kuwawasa, kuwawa, mchere ndi kukoma kwina kwachisanu. Chimene chimasiyanitsa nkhuku ya kumudzi ndi ya chizungu, kapena mbewa yowamba ndi nyama ya mbuzi, makamaka ndi fungo limene limakwera kuchokera m'kamwa kupita m'mphuno munthu akamatafuna. Mu 1991 Linda Buck ndi Richard Axel anatulukira mmene mphuno imagwirira fungo, ndipo mu 2004 analandira mphoto ya Nobel. Munthu ali ndi mitundu pafupifupi 400 ya tizigawo tomvera fungo. Chimfine chikatseka mphuno, ndiwo zonse zimangofanana. Matenda a COVID-19, amene anafika m'Zambia mu Malichi 2020, anasiya anthu ambiri akudya osamva kanthu kwa milungu ingapo, ena mpaka miyezi.

Ukalamba nawo umafooketsa mphuno ndi lilime. Agogo akamadandaula kuti ndiwo zilibe mchere pomwe ena onse akuti zakolera, si kuvuta ayi. Koma kuwathirira mchere wina n'kuwaputira matenda. Chothandiza ndi anyezi wokazinga bwino, tomato, adyo, nsinjiro, ndiponso kuwapatsa chakudya chikadali chotentha, pamene fungo lake likutuluka.

3. Kapenta ndi tomato zimakomerana pa chifukwa chimene chinadziwika ku Japan

Mu 1908 Kikunae Ikeda wa ku yunivesite ya ku Tokyo anafuna kudziwa chimene chinkakometsa msuzi wa ndere za m'nyanja. Anapeza kuti ndi glutamate, ndipo kukoma kwake anakutcha umami. Asayansi a kumayiko a azungu anakayikira kwa zaka zambiri, mpaka chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 pamene tizigawo tomvera kukomaku tinapezeka pa lilime. Glutamate amachuluka mu tomato wakupsa, mu bowa ndi mu mkaka wa m'mawere, choncho mwana amayamba kumumva asanamere dzino.

M'zaka za m'ma 1950 Akira Kuninaka anapeza chinanso. Glutamate akakumana ndi inosinate, amene amapezeka mu nsomba ndi nyama, kukoma kwake kumachulukirachulukira kuposa kungophatikiza ziwirizo. Mayi wothira tomato mu kapenta kapena m'matemba amachita zomwezi ngakhale sanamvepo za Ikeda. Phindu lake pa thanzi ndi lakuti ndiwo zokoma motere sizifuna mchere wambiri.

4. Anthu awiri odya mpiru m'mbale imodzi samva kuwawa kofanana

Mu 1931 Arthur Fox, katswiri wa mankhwala pa kampani ya DuPont ku America, ankathira ufa wa mankhwala otchedwa PTC m'botolo, wina n'kuuluka. Mnzake anadandaula kuti fumbilo likuwawa koopsa, koma Fox sanamve kalikonse. Atayesa anthu ambiri anaona kuti ena amamva, ena samva, ndipo zimatsata mtundu. Mu 2003 ofufuza anapeza kachidutswa ka chibadwa kochititsa zimenezi, kotchedwa TAS2R38. Mwa anthu a ku Ulaya, pafupifupi atatu pa khumi alionse samva kuwawa kwa PTC, pomwe kuno ku Africa osamvawo ndi ocheperapo.

Mpiru, repu ndi kabichi zili ndi zinthu zofanana ndi PTC, ndipo mu 2006 Mari Sandell ndi Paul Breslin anaonetsa kuti anthu omva PTC kwambiri amamvanso masamba amenewa akuwawa kuposa anzawo. Ndiye mwana wolavula mpiru kapena luni mwina sakuchita matukutuku, akumvadi kuwawa kumene bambo ake sakumva. Kumukalipira sikuthandiza. Kutendera masambawo ndi nsinjiro kumabisa kuwawako, n'kuwonjezeranso mafuta othandiza thupi kutenga vitamini A wa m'masamba.

Chodabwitsa china n'chakuti tizigawo tomva kuwawa tinapezekanso m'mphuno, m'mapapo ndi m'matumbo. Mu 2012 ofufuza a ku yunivesite ya Pennsylvania anaonetsa kuti ta m'mphuno timazindikira mabakiteriya ena n'kudzutsa chitetezo cha thupi.

5. Mwana amayamba kulawa ndiwo ali m'mimba

Fungo la zimene mayi wadya limalowa m'madzi amene mwana amakhalamo m'chiberekero, kenako mu mkaka wa m'mawere. Mu 2001 Julie Mennella wa ku Monell Chemical Senses Center ku Philadelphia anapatsa amayi ena madzi a karoti m'miyezi yomaliza ya pakati, ena pa nthawi yoyamwitsa, ena madzi wamba. Ana atafika poyamba phala, a amayi omwa karoti aja sankakwinya nkhope kwambiri akapatsidwa phala la karoti. Mu 2022 ofufuza a ku yunivesite ya Durham ku England anajambula ana a m'mimba ndi makina ounikira. Amayi akameza ufa wa karoti, nkhope za ana zinkaoneka zosekerera, ndipo akameza ufa wa masamba owawa otchedwa kale zinkaoneka zofuna kulira.

Mmera m'poyamba. Kafukufuku wa zaumoyo wa m'Zambia wa 2018 anapeza kuti ana 35 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu anali opinimbira. Chochititsa chachikulu ndi umphawi ndi matenda, koma phala la ufa woyera lokhalokha nalo limathandizira. Ofufuza anapeza kuti mwana amafunika kulawitsidwa chakudya chatsopano kasanu ndi katatu kapena kakhumi asanachilandire, pomwe makolo ambiri amasiya akakana kawiri kapena katatu. Mwana akakwanitsa miyezi isanu ndi umodzi akuyamwa bere lokha, phala lake lizisinthasintha: lero la nsinjiro, mawa la dzungu, mkuja la bonongwe wosinja kapena kapenta wopera.

6. Kukonda zotsekemera n'kobadwa nako, koma mlingo wake ndi wozolowera

M'zaka za m'ma 1970 Jacob Steiner wa ku Jerusalem anadontheza madzi osiyanasiyana pa malilime a ana ongobadwa kumene. Madzi a shuga ankawamasula nkhope, owawa ankawakwinyitsa. Ana amakondanso zotsekemera kwambiri kuposa akuluakulu, ndipo chikondichi chimatsika akamaliza kukula. Koma amphaka alibe nazo ntchito. Mu 2005 zinadziwika kuti kachidutswa ka chibadwa komvera shuga kanawonongeka mwa iwo, ndiponso mwa akambuku.

Kale kutsekemera kunkabwera ndi nyengo, mu masuku, mango, misale, nzimbe ndi uchi. Lero kuli pa kantini iliyonse chaka chonse. Bungwe la WHO mu 2015 linalangiza kuti shuga wothira asapitirire masupuni ang'onoang'ono 12 pa tsiku kwa munthu wamkulu, ndipo zingakhale bwino atatsika kufika pa 6. Botolo limodzi la chakumwa chotsekemera la theka la lita limatha kukhala ndi masupuni oposa 10. Kuyambira 1998 shuga wogulitsidwa m'Zambia amathiridwa vitamini A, koma zimenezo sizimusandutsa mankhwala. Amaoletsabe mano ndi kunenepetsa. Kafukufuku wa ku Monell wa 2016 anapeza kuti anthu amene anachepetsa shuga kwa miyezi itatu anayamba kumva chakudya chomwe chija chikutsekemera kuposa kale.

7. Lilime limaiwala mchere m'miyezi iwiri kapena itatu

WHO imati munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 a mchere pa tsiku, amene sadzaza bwino supuni yaing'ono. Kafukufuku wa STEPS wa 2017 anapeza kuti munthu wamkulu m'Zambia amadya pafupifupi magalamu 9.5, ndipo pafupifupi mmodzi mwa akuluakulu asanu alionse anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Mchere wambiri subwera ndi dzanja la wophika lokha. Umabisala mu nsomba zouma zamchere, m'masoseji, mu buledi, m'timakyubu tokometsera ndiwo ndi m'timapaketi ta zokhwasula za ana. Soda wothira mu therere nayenso ali ndi sodium yemweyo amene amakweza BP.

Wodwala akauzidwa kuti achepetse mchere amati ndiwo zazizira, ndipo sanama. Koma mu 1982 Mary Bertino, Gary Beauchamp ndi Karl Engelman anatsatira anthu amene anachepetsa mchere kwa miyezi isanu. Patapita miyezi iwiri kapena itatu, anthuwo anayamba kukonda supu wa mchere wochepa, ndipo mlingo wawo wakale unkawawawira. Ku Australia mu 2003 ofufuza anachepetsa mchere wa mu buledi pang'onopang'ono kwa milungu isanu ndi umodzi mpaka kuchotsa gawo limodzi mwa magawo anayi, koma odya sanazindikire. Dziko la South Africa linatsata nzeru yomweyi ndi lamulo loika malire a mchere mu buledi ndi zakudya zina kuyambira 2016.

Choncho njira yabwino pakhomo si yophikira wodwala kamphika kake kopanda mchere, iye n'kumasirira anzake. Wophika achepetse pang'onopang'ono mu mphika wa banja lonse, osalengeza, ndipo mbale ya mchere ichoke pamphasa. Mchere wochepawo ukhale wa ayodini, woteteza ku chithokomiro.

8. Maso amalawa pakamwa pasanatseguke

Mu 2001 ofufuza a ku Bordeaux ku France anathira utoto wofiira wopanda fungo mu vinyo woyera, n'kupatsa ophunzira 54 a ukatswiri wa vinyo. Ophunzirawo anamufotokoza ndi mawu oyenera vinyo wofiira. Mtundu unasocheretsa mphuno.

Ife nkhaniyi tikuidziwa kudzera mu chimanga. Pa chilala cha 1992 kunabwera chimanga chachikasu cha thandizo, chimene chinayenda ulendo wautali panyanja, ndipo anthu ankamva kuti kwawoko n'chodyetsa ziweto. Fungo lake linakhazikika m'mitima pamodzi ndi chikumbutso cha njala. Ndiye pamene akatswiri a HarvestPlus ndi a ZARI, omwe alinso ndi malo a kafukufuku ku Msekera pafupi ndi Chipata, ankakonza chimanga chokhala ndi vitamini A, nkhawa inali yakuti anthu achikana. N'chifukwa chake anachitcha cha olenji, osati chachikasu. Kafukufuku wa J. V. Meenakshi ndi anzake, wofalitsidwa mu 2012, anapeza kuti anthu a kumidzi ya m'Zambia atalawa nsima yake anaikonda, sanaisokoneze ndi yachikasu ija, ndipo atamva za phindu lake anali okonzeka kuchigula pa mtengo wabwino. Chaka chomwecho boma linavomereza mitundu itatu yoyamba ya mbewuyi.

Umboni wa thanzi unachokera m'chigawo chathu chomwechino cha Kum'mawa. Ku Nyimba ana anadyetsedwa phala ndi nsima ya chimanga cha olenji kwa miyezi itatu, ndipo zotsatira zofalitsidwa mu 2014 zinaonetsa kuti vitamini A wosungidwa m'thupi mwawo anakwera mofanana ndi wa ana olandira vitamini wa mankhwala. Ufa woyera mbee umene timaunyadira, wokonola ndi kuviika, ndi umene wataya zambiri zofunika m'thupi poyerekeza ndi mgaiwa.

9. Tsabola sakoma, amapweteka

Kuwawa kwa tsabola sikudutsa m'timinofu tolawira. Mu 1997 David Julius wa ku San Francisco anapeza kuti capsaicin wa mu tsabola amadzutsa kachigawo ka mitsempha kotchedwa TRPV1, kamene ntchito yake ndi kuchenjeza thupi za kutentha kopitirira madigiri 43. Ubongo umakhulupirira kuti pakamwa papsa, n'chifukwa chake thukuta limatuluka. Ntchitoyi inapezetsa Julius mphoto ya Nobel mu 2021. Capsaicin sasungunuka m'madzi, ndiye kumwa madzi sikuthandiza kwenikweni. Mkaka kapena chiponde ndiye zimaziziritsa.

Mbalame sizimva ululu umenewu, zimadya kambuzi n'kumwaza njere zake. Njovu ndiye zimadana naye, ndipo alimi a ku chigwa cha Luangwa amapaka tsabola pa zingwe zozungulira minda kapena kumuwotcha kuti azithamangitse. Palibe mwana amene amabadwa akukonda tsabola, amachita kuphunzira poona akulu. Ndipotu tsabola, chimanga, chinangwa, mtedza, tomato, mbatata ndi maungu zonse zinachokera ku America zaka 500 zapitazi zisanakwane bwino. Mbale imene timaitcha ya makolo athu inayamba yakhala yachilendo pa malilime a makolo omwewo.

10. Amayi a ku Nkhata Bay amayeza poizoni ndi lilime, ndipo sayansi inawavomereza

Chinangwa chili ndi zinthu zimene zimatulutsa poizoni wa cyanide. Mitundu yozizira, monga manyokola amene timatafuna osaphika, ili ndi wochepa. Mitundu yowawa ili ndi wambiri. Linley Chiwona-Karltun, wofufuza wochokera ku Malawi amene amagwira ntchito ku Sweden, anakhala ndi alimi a ku Nkhata Bay m'zaka za m'ma 1990. Anapeza kuti amayi amalawa kansonga ka chinangwa n'kudziwa ngati chili choopsa. Zigamulo zawo ataziyerekeza ndi zoyeza za mu labotale, zotsatira zofalitsidwa mu 2004 zinaonetsa kuti kuwawa kumayenderadi limodzi ndi kuchuluka kwa poizoni.

Chodabwitsa kwambiri n'chakuti amayiwo ankasankha dala kudzala chowawacho. Wakuba sangachizule n'kudya pomwepo, anyani ndi nguluwe sizichikonda, ndipo a pabanja sangamachizule mwachisawawa. Mwini munda ndiye amalamula tsiku lokolola, chifukwa chimafuna kusenda, kuviika masiku angapo ndi kuyanika chisanakhale ufa wa kondowole. Kwa amayi okhala okha, kuwawako kunali chitetezo cha chakudya cha ana awo.

Ngozi imabwera njala ikafupikitsa ntchito yoviikayo. Mu 1981 chilala chitagwa m'chigawo cha Nampula ku Mozambique, anthu oposa 1,000, makamaka amayi ndi ana, anauma miyendo mwadzidzidzi. Madokotala Julie Cliff ndi Hans Rosling anali m'gulu la amene anapeza kuti gwero lake ndi chinangwa chowawa chosakonzedwa mokwanira, chodyedwa popanda ndiwo zomanga thupi. Matendawa amatchedwa konzo ndipo sachizika. Chigwada nachonso chili ndi poizoni yemweyu, choncho kusinja bwino ndi kuwiritsa mokwanira si mwambo chabe.

11. Kuwawa kwa mankhwala kwalepheretsa ana ambiri kuchira

Munthu ali ndi mitundu pafupifupi 25 ya tizigawo tomva kuwawa, pomwe ka kutsekemera ndi kamodzi. Thupi linapangidwa mochenjera ndi zowawa chifukwa zomera zambiri zapoizoni zimawawa. Vuto ndi lakuti mankhwala ambiri nawo amawawa, ndipo ana amamva kuwawako kuposa akulu. Amene anakula nthawi ya chloroquine ndi quinine akukumbukira nkhondo yotsina mwana mphuno, iye n'kulavula theka la mankhwala. Mwana wolandira theka sachira bwino, ndipo tizilombo totsala timaphunzira kupirira mankhwalawo.

Zambia inali dziko loyamba mu Africa kusankha Coartem kukhala mankhwala oyambirira a malungo m'dziko lonse, mu 2002. Poyamba amayi ankaphwanya mapiritsi owawa, mpaka mu 2009 pamene Novartis ndi Medicines for Malaria Venture anatulutsa osungunuka m'madzi, otsekemera. Mankhwalawa amalowa bwino m'thupi akamwedwa ndi chakudya cha mafuta, monga mkaka kapena phala la nsinjiro. Ana okhala ndi HIV ankamwa mankhwala amadzi a lopinavir, owawa kwambiri, okhala ndi mowa woposa magawo 40 pa 100 ndiponso ofuna furiji. Mu 2020 kunavomerezedwa dolutegravir wa ana, wosungunuka, wokoma ngati sitiroberi. Mankhwala a TB a ana okoma ngati zipatso analengezedwa mu 2015.

Pali chikhulupiriro chakuti mankhwala owawa ndiwo amphamvu. Kuwawa sikuyeza mphamvu yochiza. Madzi a nimu amawawa kuposa Coartem, koma sangalowe m'malo mwake mwana akapezeka ndi malungo.

12. Kulakalaka dothi nthawi zambiri kumayenda ndi kuchepa kwa magazi

M'misika yambiri ya m'Zambia ndi Malawi muli timiyulu ta dothi logulitsa, ndipo ogula ambiri ndi amayi oyembekezera. Ena amathyola la pachulu kapena la chiswe cha pamtengo, ndipo amati chimawakoka ndi fungo lake, lija la mvula yoyamba. Sera Young anafufuza khalidweli pa chilumba cha Pemba ku Tanzania. Mu 2015 iye ndi anzake anasonkhanitsa kafukufuku wa m'mayiko ambiri, n'kupeza kuti anthu odya dothi ndi zina zosakhala chakudya amapezeka ndi vuto la kuchepa kwa magazi kuwirikiza kawiri ndi kupitirira poyerekeza ndi anzawo.

Izi sizitanthauza kuti dothi limawonjezera magazi. Dongo limatha kumanga ayironi wa m'chakudya kuti asalowe m'thupi, ndipo lingabwere ndi mazira a njoka za m'mimba kapena mtovu, monga zilili ndi dothi la ku Kabwe, kumene mgodi unatsekedwa mu 1994 n'kusiya nthaka yoipitsidwa. Mayi wolakalaka dothi asabise kusikelo. Akayezetse magazi ndi kumwa mapiritsi owonjezera magazi amene amaperekedwa kumeneko. Kwa ambiri chilakolakocho chimachepa magazi akabwerera.

Kusowa kwa zinc nako kumafooketsa lilime ndi kuchotsa chilakolako cha chakudya, makamaka mwa ana. Kapenta, mazira, nyama, mbewa ndi ziwala zimathandiza kubwezeretsa zinc m'thupi.

13. Poizoni woopsa kwambiri m'nkhokwe zathu alibe kukoma kulikonse

Chigawo cha Kum'mawa ndicho chimake cha mtedza m'Zambia, ndipo mtedza wa chalimbana unatchuka mpaka ku Ulaya. Koma mtedza ndi chimanga zikagwira chinyezi zimamera nkhungu yotulutsa poizoni wa aflatoxin. Njere yovunda kwambiri imawawa, munthu n'kuilavula. Poizoniyo payekha alibe fungo kapena kukoma, amapezeka ngakhale mu njere yooneka bwino, ndipo safa ndi kuphika kapena kukazinga. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Aflatoxin anadziwika pambuyo pa imfa ya nkhukundembo pafupifupi 100,000 ku England mu 1960, zitadya chakudya cha mtedza wochokera ku Brazil. Ku Kenya mu 2004 anthu 317 anadwala ndipo 125 anamwalira atadya chimanga chankhungu. Mu Ogasiti 2024 unduna wa zaumoyo m'Zambia unalengeza kuti agalu pafupifupi 400 anafa, ndipo poizoniyu anapezeka mu ufa wina wa pamsika. Akamadyedwa pang'onopang'ono kwa zaka amayambitsa khansa ya chiwindi, makamaka mwa anthu okhala ndi hepatitis B, ndipo kafukufuku wa ku Benin ndi Togo wa 2002 anapeza kuti ana opinimbira anali ndi aflatoxin wambiri m'magazi.

Pano lilime silingatithandize, ntchito ndi ya manja ndi maso. Mtedza uume bwino, osati pa dothi. Chizolowezi chowaza madzi pa makoko kuti afewe posenda chimaitana nkhungu. Choopsa kwambiri ndi chija chosankha mtedza wabwino kupita nawo kwa ogula, wonyala ndi wothyoka n'kusinja nsinjiro za phala la mwana. Bowa naye ali ndi msampha womwewu. Anthu opulumuka ku bowa wakupha wa mtundu wa Amanita amanena kuti anali wokoma, ndipo zizindikiro zimayamba patapita maola ambiri. Bowa wosamudziwa salawidwa.

Pa zonsezi, zimene banja la ku Chadiza lingayambe popanda kutulutsa ndalama ndi zinayi: kuchepetsa mchere ndi shuga pang'onopang'ono mu mphika wa onse, kulawitsa mwana ndiwo yomweyo mpaka kakhumi osatopa, kutendera masamba owawa m'malo mowasiya, ndi kusunga mtedza wabwino kwambiri kuti ukhale wa pakhomo. Milungu yoyamba padzakhala madandaulo pamphasa. Ofufuza akuti pofika mwezi wachitatu, odandaula omwewo ndi amene adzayambe kunena kuti ndiwo za kwa aneba zachuluka mchere.